Korali Wayera Mbee

1. Kamwala kamoyo

M'nyumba ya mayi Lilian, ku Hamilton m'dziko la Canada, mlendo akalowa ankayamba waima pabalaza asanavule ndi jekete yomwe. Chomuimitsa chinali thanki ya galasi ya mwana wawo Nthanda, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

M'thankimo munali madzi amchere ngati a m'nyanja yaikulu. Munalinso miyala, mchenga, nkhono zonyambita ndere pagalasi, ndi tinsomba tiwiri tamizeremizere. Koma mtima wa Nthanda sunali pa nsomba. Unali pa korali.

Korali ameneyu ankaoneka ngati kachitsamba ka mwala, kanthambi zambiri, kobiriwira. Alendo ena ankayesa n'kachidole kogula kusitolo. Ayi ndithu, korali ndi chamoyo. Ndi tizilombo ting'onoting'ono tambirimbiri tomwe timamanga nyumba yolimba, n'kuikuta ndi mnofu wopyapyala. Tikakhala pamtendere timatulutsa timikono ngati ubweya, n'kumagwedezeka m'madzi. Kubiriwira kwake kumachokera ku ndere zosaoneka ndi maso, zomwe zimakhala m'mnofumo n'kumamupangira chakudya pakakhala kuwala. Korali akazunzika amazitaya ndere zija, n'kusanduka woyera. Kwa korali, kuyera ndi matenda.

Zonsezi Nthanda sanaziphunzire m'kalasi. Anazifunafuna yekha pa foni ndi m'mabuku a kulaibulale. Korali uja anamupeza ali kachidutswa ngati chala chaching'ono, kwa anthu osinthana makorali ku Markham. Anabwera naye pa basi ndi pa sitima ali m'kabotolo, atamubisa m'kati mwa jekete kuti asazizidwe. Patapita zaka ziwiri, kachala kaja kanali katakula ngati chibakera cha munthu wamkulu.

Nthanda ankadziwikanso ndi chinthu china: mtima wapachala. Akaona zokhota sankadikira mawa. Kusukulu anakanganapo ndi mphunzitsi amene analanga kalasi yonse pa mlandu wa mwana mmodzi. Tinene zoona, tsiku limenelo Nthanda sanalakwe. Vuto lake linali loti pakamwa pake pankafika mutu usananyamuke.

Ku Canada anabwera ali wamng'ono kwambiri. Chichewa chake chinali cha kukhitchini ndi cha kutchalitchi. Ankamva zambiri, koma poyankhula ankatola mawu amene ali pafupi, otsalawo n'kumaliza m'Chingerezi.

2. Ndowa ziwiri

Chaka chimenecho kunyumba kunabwera amalume ake, a Davies, mlongo wawo wamkulu wa mayi Lilian. Anabadwira ku Mchinji, koma moyo wawo wonse anagwira ntchito ya uinjiniya wa magetsi ku migodi ya ku Kitwe, moti Chinyanja cha ku Zambia chinawakakamira pakamwa. Atapuma pantchito anabwera kudzacheza miyezi ingapo. Ankagona m'chipinda chapansi, ndipo ankaseka mokweza mpaka matabwa kunjenjemera.

Tchuthi cha Khirisimasi chitafika, Nthanda anaitanidwa ku Ottawa kwa anti Selina, mnzawo wa amayi ake. Mayi Lilian, pokhala namwino, analibe tchuthi. Ndiye thanki inatsalira amalume.

Tsiku la ulendo Nthanda anawatengera kunsi kwa masitepe, kumene kunali ndowa ziwiri zofanana. Anali atachedwa kale, chikwama kumsana, maso pa foni.

"Amalume, nsomba muzizipatsa chakudya pang'ono. Madzi akatsika pa mzere uwu, muzitopa-apu ndi madzi oyera. Oyera okha, chonde."

"Nizichita chani?"

"Muzithira. Kuonjezera. Koma oyera."

"Osadandaula, mama. Ine nasamalapo makina aakulu kuposa nyumba ino. Kamwala kako kanganivute?"

Nthanda anaseka, n'kuthamangira basi.

Tsopano mverani pamene panagona nkhani. Madzi a m'thanki amauluka ngati nthunzi, koma mchere suuluka nawo. Umatsala. Choncho poonjezera pamafunika madzi osefedwa, opanda mchere ngakhale pang'ono. Amenewo ndiwo Nthanda ankawatcha oyera. Ndowa inayo inali ya madzi osakaniza kale ndi mchere, osinthira madzi akale kamodzikamodzi.

Amalume anavundukula ndowa zonse ziwiri. M'ndowa imodzi munali madzi ozizira, ongokhala phee. M'inamo munali kapampu kozunguza madzi ndi kachotenthetsera, madzi ake ali ngwee. Analawa ndi chala.

"Nsomba za m'madzi amchere ungazipatse madzi opanda mchere?" anadzifunsa. "Oyera ni awa."

M'nyengo yozizira ya ku Hamilton, nyumba zimatenthetsedwa usana ndi usiku, mpweya n'kuuma gwa. Thanki inkamwa madzi ngati ng'ombe m'chilimwe. Amalume ankathira mokhulupirika, m'mawa ndi madzulo. Madzi a m'ndowa atatha, anawerenga pathumba la mchere n'kusakaniza ena.

Chaka chatsopano chitayandikira, Nthanda anaimba foni.

"Amalume, korali ali bwanji?"

"Kamwala kako? Aa, kayera, mama. Kayera bwino maningi, kwambiri zedi."

Nthanda ankalidziwa liwu loti kuyera. Mbale zikatsukidwa zimayera. Zovala zikachapidwa zimayera. Kutchalitchi ankaimba za Mzimu Woyera. Chinthu choyera n'chinthu chabwino.

"Zikomo, amalume, ndinu namba wani," anatero, n'kudula foni.

3. Mbee

Nthanda anabwerako Loweruka masana, chipale chofewa chikugwa pang'onopang'ono. Sanavule nsapato. Analunjika pathanki.

Chikwama chinagwa pansi, phi!

Korali anali atayera mbee, ngati fupa loumikidwa padzuwa. Kubiriwira konse kunali kutapita. Panalibe kamkono ngakhale kamodzi kotuluka.

Nthanda anatenga kachipangizo kake koyezera mchere. N'kachitoliro kakafupi: umadontheza madzi kumapeto kwake, n'kusuzumira poloza kuwala. Anasuzumira. Anapukuta, n'kuyezanso. Mzere wosonyeza kuchuluka kwa mchere unali pamwamba penipeni, pamene anali asanauonepo.

"Amalume!"

A Davies anakwera masitepe akumwetulira, manja atatambasula.

"Aa, wa ku Ottawa wafika! Waona kamwala kako m'mene kakongolera?"

"Munkathira madzi ati?"

"Oyera. Aja a kapampu."

"Amchere? Masiku onsewa munkathira amchere?"

"Nanga si iwe unati..."

"Mwamupha! Zaka ziwiri, amalume! Ndinakupatsani ntchito imodzi yokha!" Chichewa chinamuthera, n'kupitiriza m'Chingerezi, mawu akutuluka ngati matalala padenga la malata. Kenaka anabwerera ku Chichewa kuti amve bwino. "Injiniya wanji wosadziwa kuti mchere suuluka? Kuno si ku Kitwe. Ngati simudziwa chinthu, musamachigwire!"

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Manja anatsika.

"Iwe unati madzi oyera," anatero motsitsa mawu. "Ine nathira oyera."

Anatembenuka n'kutsika masitepe. Chitseko chapansi sanachimenyetse. Anachitseka bwinobwino, ndipo m'nyumba munangoti zii.

Nthanda sanaime. Anakoka ndowa ya madzi osefedwa, yomwe inali yodzaza monga anaisiyira. Anatenga paipi n'kuiponya m'thanki. Ankafuna kukhuthula theka la madzi amcherewo, athiremo opanda mchere nthawi imodzi, mzere uja utsike lero lomwe.

"Ika paipiyo pansi."

Anali amayi ake, ataima pakhomo la kuchipinda, chitenje m'chiuno. Anali akugona pokonzekera ntchito, koma phokoso linawadzutsa.

"Mami, akufa! Mcherewo wakwera kwambiri!"

"Ndamva. Msewu wonse wamva. Ika paipiyo pansi, ukhale apa."

4. Mawu a namwino

Nthanda anakhala pampando, paipi ikudontha m'manja.

"Za korali sindizidziwa," anayamba mayi Lilian, "koma za mchere ndimazidziwa. Kuchipatala amatibweretsera okalamba amene akhala masiku osamwa madzi, mchere utachuluka m'magazi. Abale awo amalira, amati, anesi, m'thireni madzi msanga. Ife sitithamanga. Thupi lija limakhala litayamba kuzolowera mchere wambiriwo. Ukalithira madzi ochuluka nthawi imodzi, ubongo umatupa. Munthu amene matenda anamulephera, iwe womuthandiza n'kumumaliza. Ndiye timatsitsa pang'onopang'ono, dontho ndi dontho, tikuyeza. Zimawawa kuonerera. Manja amayabwa. Koma chimene chinakwera masiku ambiri sichitsika ndi ola limodzi. Tandiuza, mabuku akowo amati chiyani?"

Nthanda anayang'ana pansi.

"Amati osasintha chilichonse mwadzidzidzi."

"Ndiye umadziwa."

"Eya."

"Amene amafuna kukhuthula madziyo si mutu wako, mwana wanga. Ndi mkwiyo. Mkwiyo umafuna kuchita chinthu chachikulu, chooneka, chaphokoso, kuti mtima uphwe. Susamala kuti wodwala apindula kapena ayi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga wafa kale korali wakoyo?"

Nthanda anaimirira n'kuyandikiza nkhope pagalasi. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Korali wakufa amatsala fupa louma, lokhakhala. Koma panthambi izi pankaoneka kamnofu kopyapyala, konyezimira ngati madzi.

"Mnofu ulipo. Sanafe. Wangotaya ndere zake."

"Chabwino. Wodwala wathu akupuma. Tsopano tikambe za wodwala wachiwiri, amene wamutsitsira pansi uja."

Apa Nthanda anadzuka ngati waponda moto.

"Mwaona? Ndinadziwa! Ine ndikaswa kapu, ndine wosasamala. Amalume akapha korali wanga, wolakwa ndi ine chifukwa ndakweza mawu. Mwana akalakwa ndi mlandu, wamkulu akalakwa ndi ngozi. Chilungamo chake n'chiti pamenepa, mami?"

Mayi Lilian sanakalipe.

"Funso lakolo ndi labwino, ndipo sindilithawa," anatero. "Amalume ako alakwa. Anaona ndowa ziwiri, osafunsa. Zimenezo ndiwauza ndekha, chifukwa ukulu sufufuta cholakwa. Kwathu timabisa zambiri pansi pa mawu oti ulemu, ndipo zina mwa izo n'zopanda chilungamo ndithu. Pamenepo sindikutsutsa.

"Koma iwe umakonda chilungamo, eti? Chilungamo sichiyeza mbali imodzi. Unawauza kuti chiyani? Madzi oyera. Pa Chichewa, madzi alionse opanda zinyalala ndi oyera. Amchere akhoza kuyera. Ukanati opanda mchere, mawu awiri okha, bwenzi pano tikumwa tiyi. Ndipo iwo anakuuza pafoni kuti kayera. Sanakubisire kanthu. Iwo amanena mtundu, iwe unamva ukhondo. Liwu limodzi lakupusitsani nonse awiri, wina popita, wina pobwera. Ndiye uwapatse gawo lawo, iwe utenge lako.

"Chinanso. Unawalalatira chifukwa cha madzi, chabwino. Nanga za Kitwe zinabwera bwanji? Munthu uja analeka sukulu chaka chathunthu, n'kumagwira ganyu kuti ine ndisachotsedwe kusekondale. Sindikunena izi kuti usamawadzudzule. Ndikunena kuti podzudzula uzimenya cholakwacho, osati munthu yense ndi kumene achokera. Wawauza kuti asamagwire chimene sadziwa. M'dziko muno chilichonse n'chachilendo kwa iwo, kuyambira chitseko cha basi mpaka makina ochapira. Ndiye asagwire chiyani? Angokhala pansi paja ngati katundu?"

Nthanda anakulunga paipi ija n'kuibweza kunsi kwa masitepe. Pobwera anali ndi kapu yaing'ono.

5. Kapu ndi kapu

Anatunga kapu imodzi ya madzi a m'thanki n'kukataya. Anathira kapu imodzi ya madzi osefedwa, pang'onopang'ono, pakona pamene pampu imazunguza madzi. Basi.

Anachepetsanso kuwala kwa nyale, chifukwa korali wotaya ndere zake amapsa msanga, ngati khungu la khanda padzuwa.

Ntchito inakhala imeneyo. M'mawa asanapite kusukulu, makapu angapo. Akaweruka, makapu angapo. Akayeza, mzere unkatsika pang'ono zedi, mwina osaoneka n'komwe. Kangapo konse anaiyang'ana ndowa ija, manja akumuyabwa. Ankapita kukhitchini, kumwa madzi, n'kubwerera ku kapu yake.

Amalume sankakwera pabalaza Nthanda akakhalapo. Chakudya ankadyera pansi. Kuseka kuja kunasowa m'nyumba. Nthanda ankamva wailesi yawo ikulira chapansipansi, ndipo kawiri anaima pamwamba pa masitepe, n'kubwerera.

"Ndidzapita korali akachira," anauza amayi ake.

"Nanga akapanda kuchira?" anafunsa mayi Lilian. "Kupepesa kwako kuli m'manja mwa mwala?"

Sabata itatha, mzere wa mchere unafika pamalo pake. Tsiku lomwelo, pa nsonga ya nthambi imodzi, Nthanda anaona timikono titatu kapena tinayi titasuzumira, toyera, tamantha. Anafuna kukuwa, koma anangogwira pakamwa.

Chimwemwe chake sichinakhalitse. Masiku otsatira timikono sitinachuluke. Tina tinabwereranso m'kati. Kenaka nkhono zinayamba kugwa kuchoka pagalasi. Ankazipeza zili chagada pamchenga, ndipo akaziimika sizinkakweranso.

Anayeza mchere: uli bwino. Anayeza kutentha: kuli bwino. Anayeza zonse zimene anali ndi zoyezera zake, osapeza kanthu. M'madzimo munali chinthu china chimene iye sankachidziwa. Munthu yekhayo amene anaiona thanki masiku onse aja anali pansi, kuseri kwa chitseko chotseka.

6. M'chipinda chapansi

Lamlungu atabwerako kutchalitchi, mayi Lilian anapita kuntchito. Nthanda anaphika tiyi, n'kuika makapu awiri pathireyi. Anatsika masitepe.

"Odi, amalume."

"Lowa."

Anawapeza atakhala pabedi, atavala majuzi awiri, akusoka batani la malaya. Nthanda anaika thireyi patebulo. Anayang'ana mpando, kenaka anagwada pansi monga ankaonera amayi ake akamayankhula ndi akuluakulu. Mawondo anagunda simenti, gu!

"Iwe, uphwanya nyumba ya eni," anatero amalume osamuyang'ana. "Kugwada kwa ku Canada kumeneko?"

"Amalume, pepani. Ndinayankhula zoipa. Za Kitwe zija, ndi zoti musamagwire zinthu. Komanso ine sindinanene kuti opanda mchere. Ndinangoti oyera."

A Davies analuma ulusi n'kuika singano pambali.

"Pepani sapoletsa chilonda, mama, koma amathamangitsa ntchentche. Nyamuka, khala apo." Anatenga kapu ya tiyi. "Manje naine nikambe zanga. Amai ako ananiuza kale, ndipo sananame. Ninaona ndowa ziwiri. Mtima unati, imba foni, ufunse. Koma mtima wina unati, iwe Davies, munthu wa imvi, amene unali na anthu makumi pansi pako, ukafunse mwana za madzi? Ninamvera wachiwiriwo. Ku mugodi tinali kuuza anyamata atsopano kuti waya amene sukumudziwa usamugwire ukalibe kufunsa. Munthu wofunsa amaoneka wopusa mphindi imodzi. Wosafunsa timamunyamula pa machira. Lamulo limenelo ninaliphunzitsa zaka zambiri, koma linanithawa pa ndowa ya pulasitiki. Naine pepa."

Nthanda anali asanamvepo munthu wamkulu akumupepesa. Anasowa poyang'ana.

"Koma Chichewa chako, mama, chifunika ku galaja," anapitiriza amalume. "Kutopa-apu! Ine ninayesa ukuti nizitopa."

"Nanga inu? Maningi ndi Chichewa chimenecho?"

"Iwe! Chimenecho n'Chinyanja cha anthu oyenda!"

Anaseka onse awiri, ndipo matabwa ananjenjemera pang'ono.

"Nanga kamwala kali bwanji?" anafunsa amalume. "Nakhala niopa kufunsa."

Nthanda anafotokoza zonse: za ndere, za makapu, za timikono tobwerera, za nkhono zogwa chagada.

"Sindikukuimbani mlandu, amalume. Ndikungofuna mundithandize kukumbukira. Kupatula madzi ndi chakudya, munalowa china chilichonse m'thankimo? Sopo? Mafuta odzola? Mankhwala opopera?"

"Iyai. Sopo ninali kusamala." Anaganiza, akusisita dzanja lamanzere. "Mkono chabe ninalowetsamo kamodzi. Kankhono kena kanagwera kumbuyo kwa miyala, mimba m'mwamba. Ninamva chifundo. Ninapinda malaya, n'kupisa mpaka pansi. Malo ni opanikiza kuja, ninavutika kutulutsa mkono."

Anasiya kusisita. Anayang'ana dzanja lawo. Pamkono panali mzere wotuwa, pamene khungu linakhala zaka losaona dzuwa.

"Mayo," anatero chapansipansi.

"Bwanji, amalume?"

"Chibangili changa. Anzanga a ku mugodi ananipatsa. Chija chotseguka mbali imodzi. Nachifuna m'bafa, m'matumba, nafunsa na kutchalitchi. Ninayesa chinagwera mu basi."

"Chibangili cha chiyani?"

"Cha ku Kitwe chingakhale cha chani, mama? Mkuwa weniweni."

Mkwiyo uja unamubwereranso Nthanda. Aliyense woweta korali amadziwa za mkuwa. M'madzi amchere umasungunuka pang'onopang'ono. Nsomba zimapirira, koma kwa nkhono ndi korali ndi poizoni, ngakhale utachepa bwanji.

Mawu anafika pakamwa onse pamodzi, a Chichewa ndi a Chingerezi, akukankhana. Amalume anamuyang'ana, mapewa atakwera kale ngati munthu woyembekeza mvula.

Nthanda anagwira kapu yake ndi manja awiri. Anamwa tiyi, ngakhale anali wotentha. Anaika kapu pathireyi.

"Amalume," anatero, "muli ndi tochi?"

Anakwera masitepe, mtsikana patsogolo, amalume pambuyo. Nthanda anazimitsa pampu kuti madzi adekhe. A Davies anagwada pambali pa thanki, tsaya pakhoma, n'kuwalitsa tochi kumbuyo kwa miyala.

"Kumanzere pang'ono. Pansi. Imani pomwepo!"

Mumchenga munkaoneka chinthu chopindika, theka lake litakwiririka. Sichinali chofiira ngati mkuwa wa pamkono. Chinali chitachita dzimbiri lobiriwira.

Nthanda anapinda malaya, n'kuyesa kupisa. Zala zinafika pafupi, koma mwala unatsekereza. Anayesa mbali ina. Chibangili chinali chitalowa kunsi kwa mwala waukulu wapakati, umene unanyamula miyala ina yonse. Pamwamba pa mwala womwewo ndi pamene korali anamera, atakakamira zolimba, nthambi zake zofooka ngati choko.

"Tiukweze," anatero amalume.

"Tikaukweza molakwika, nthambi zithyoka zonse. Tikausiya, mkuwa umumaliza."

A Davies anaika tochi pansi. Anavula juzi yoyamba, anavula yachiwiri, n'kuyamba kupinda malaya mpaka m'zigongono.

"Manja ni awa," anatero. "Koma ulendo uno sinigwira kanthu ukalibe kuniuza. Nigwire pati?"